Musanakumbe dziwe pakhomo, yambani mwawerenga zigubu

MWEZI wa Okutobala ukafika, dzuwa likayamba kuswa mtengo mu Lusaka, timapepala ta anthu okumba maiwe osambiramo timaculuka pa mitengo ya malaiti ndi pa zipupa za m'mbali mwa miseu. Amalonjeza kuti m'masabata ocepa cabe adzakuikirani swimming pool kuseri kwa nyumba, ana azisewera, alendo aziyamikira. Kale zinthu izi tinali kuziona ku mahotela ndi ku mayadi akale monga Kabulonga, Rhodes Park ndi Woodlands. Lero zafika ku Chalala, ku Ibex Hill, ku New Kasama, ku Silverest ndi ku Makeni, pa mapuloti amene dzana lomweli anali chire.

Ife sitidana ndi munthu amene wakhetsa thukuta, wapeza ndalama zake m'njira yoyenera, ndipo afuna kuti banja lake lizisangalala. Nsanje si nchito yathu. Kusambira ndi masewera abwino, kumalimbitsa thupi, ndipo mwana wodziwa kusambira ali ndi mwai wopulumuka tsiku limene bwato lidzagubuduka. Koma dziwe silili ngati galimoto yatsopano kapena matailosi a m'cipinda cocezera, zimene zimathera m'thumba la mwini wake. Dziwe limakhudza madzi a mnzako wa kuseri kwa cipupa, limakhudza malaiti, ndipo koposa zonse limakhudza moyo wa mwana amene sadziwa kuwerenga cikwangwani ca cenjezo. Pa zinthu zitatu izi tili ndi mau.

Tiyeni tiyambe ndi masamu a ku pulaimale. Tinene kuti dziwe la pakhomo ndi la mamita 8 m'litali, mamita 4 m'lifupi, ndipo kuya kwake, tikalinganiza kozama ndi kosazama, ndi mita imodzi ndi theka. Limeneli si dziwe lalikulu ai. Koma dzenje lotere limameza malita 48,000. Cigubu cimene amai a ku Kanyama, ku George kapena ku Bauleni amasenza pamutu kucokera ku pompi ya onse cimalowa malita 20. Ndiye kuti kudzaza dziwe limeneli kamodzi kokha ndi zigubu 2,400. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera malita 20 patsiku monga muyeso wocepetsetsa wa munthu mmodzi. Banja la anthu 6 lokhala pa muyeso umenewo lingathe masiku 400 ndi madzi a dziwe limodzi, kutanthauza caka cathunthu ndi mwezi pamwamba.

Okumba maiwe adzakuuzani kuti madzi amathiridwa kamodzi cabe, basi kwatha. Si zoona. Pamwamba pa dziwe lathu lija pali masikweya mita 32 oyang'ana dzuwa ndi mphepo. Madzi akatsika ndi mamilimita 6 patsiku, cinthu cimene si cacilendo m'nyengo yotentha, malita 192 apita kumwamba. Zimenezo ndi zigubu pafupifupi 10 tsiku lililonse, kaya wina wasambiramo kaya ai. Pamwezi ndi malita oposa 5,700. Onjezani madzi otayika potsuka sefa ya mcenga, amene ana amakhavulira kunja, ndi amene amathawira pansi ngati womanga anaba simenti.

Nanga madzi onsewa acokera kuti? Njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi mipope ya Lusaka Water Supply and Sanitation Company, imene imatunga madzi mu mtsinje wa Kafue, kuwayeretsa ku Iolanda, ndi kuwakankha ndi mapampu mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kukwera nao mu mzinda, kuonjezera pa ena amene kampaniyi imapopa m'zitsime zake. Amene adzaza dziwe ndi madzi amenewa, ngati ali ndi mita, amalipira, ndipo mitengo imene bungwe la NWASCO limabvomereza imakwera pamene munthu agwiritsa nchito madzi ambiri. Pamenepo pali cilungamo pang'ono. Njira yaciwiri, imene ambiri a ku mapuloti atsopano amatsata, ndi borehole ya pakhomo. Apa ndi pamene timamva mau akuti, "Madzi ndi anga, ndinakumba ndi ndalama zanga."

Pepani abale, madziwo si anu. Canu ndi paipi, pampu ndi thanki. Lamulo la Water Resources Management Act la mu 2011 linanena poyera kuti madzi onse a m'dziko lino, pamene ali m'malo ao acilengedwe, ali m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse a mu Zambia. Ndi lamulo lomwelo limene linakhazikitsa bungwe la WARMA, ndipo mu 2018 kunabwera malamulo akuti borehole iliyonse ilembetsedwe ndi kuti okumba akhale ndi laisensi. Pansi pa nthaka palibe cipupa ca mabuloko, palibenso waya wa malaiti pamwamba pake. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu ndi dolomite yokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi amayenda m'ming'alu imeneyi osafunsa nambala ya puloti. Amene ali ndi borehole yozama ndi pampu yamphamvu akapopa usana ndi usiku, woyamba kumva kuwawa ndi mnansi amene citsime cake n'cosazama.

Tisanamizire maiwe milandu imene si yao. Mafamu othirira, mafakitale ndi makampani a zakumwa amatunga madzi oculuka kutali kuposa maiwe onse a mu Lusaka. Kumanga nyumba pa malo amene mvula imalowera pansi, monga zinacitikira ku nkhalango ya Forest 27 kum'mawa kwa mzinda, pamene zigawo zina zinacotsedwa pa citetezo pakati pa 2017 ndi 2019, ndi bvuto lalikulu kuposa dziwe la munthu mmodzi. Sitinenanso kuti maiwe ndiwo anabweretsa kolera. Koma tikumbukire mzinda umene tikhalamo. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 inapha anthu oposa 100. Imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha oposa 700, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 anatsegulidwa mu Febuluwale. Gwero la matendawa ndi lodziwika: anthu osowa madzi abwino amamwa a m'zitsime zosazama zimene zili pafupi ndi zimbudzi za dzenje. Mu mzinda wotere, malita 48,000 a madzi akumwa si nkhani ya m'nyumba mwa munthu mmodzi.

N'cifukwa cake tipempha a WARMA kuti asaike dziwe losambiramo pa mndandanda umodzi ndi kuphika, kucapa ndi kuthirira repu ya kuseri kwa nyumba. Borehole imene idyetsa dziwe ikhale ndi mita, ndipo mwini wake alipire kanthu. Munthu amene wakwanitsa kumanga dziwe sangalephere kulipira madzi ake. Ndiponso m'caka ca cilala, monga 2024 pamene mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, kudzaza dziwe latsopano kuyenera kuimitsidwa mpaka mvula ibwere. Mzinda wa Cape Town ku South Africa unaletsa kudzaza maiwe ndi madzi a m'mipope pa cilala cao ca 2017 ndi 2018, ndipo palibe amene anafa cifukwa cosasambira.

Pali cinthu cimodzi cochipa cimene eni maiwe ambiri amanyalanyaza, ndico cibvundikiro. Dziwe lobvundikiridwa pamene palibe wosambira limataya madzi ocepa kwambiri, silidya klorini wambiri, ndipo masamba salowamo. Winanso wanzeru amalumikiza magata a pa denga ku thanki kuti mvula ya Disembala mpaka Malichi imuthandize kuonjezera madzi. Denga la masikweya mita 150 likalandira mvula ya mamilimita 20 limapereka malita pafupifupi 3,000, madzi amene nthawi zambiri timangowasiya akukumba mseu.

Tsopano za malaiti. Madzi a m'dziwe amakhala oyera cifukwa pampu imawazunguliza m'sefa maola angapo tsiku lililonse. Pampu ya mawati 750 ikayenda maola 8 imadya mayunitsi 6 patsiku, mayunitsi 180 pamwezi, kuposa mafiriji atatu a masiku ano. Tonse tikumbukira 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima mpaka maola 21 patsiku. Pampu ikaima masiku angapo kukutentha, madzi a buluu aja amasanduka obiriwira ngati dambo. Klorini akatha, madzi oima amene dzuwa likuwaomba ndiwo malo amene udzudzu wa malungo umakonda kuikira mazira, ndipo udzudzu suima pa geti kuti mlonda aufunse kumene upita. Umaluma bwana, umaluma wanchito, umalumphira ndi ku komboni ya pafupi. Amene alibe pulani ya sola kapena njira ina yoyendetsera pampu malaiti akazima, asayambe n'komwe kukumba. Walira mvula walira matope.

Kusamalira madziwo nakonso ndi nchito ya mlungu ndi mlungu. Klorini afunika kukhala pakati pa mamiligalamu 1 ndi 3 pa lita, pH pakati pa 7.2 ndi 7.6, ndipo izi zimadziwika poyeza, osati poyang'ana ndi maso. Madzi a m'ma borehole a mu Lusaka ali ndi laimu wambiri. Aliyense amene anasuzumira m'ketulo yake adziwa zoyera zimene zimamatirira pansi. Zomwezo zimamatirira pa zipupa za dziwe ndi m'mapaipi. Nchito yonseyi kawirikawiri imagwera mnyamata wa m'munda, amene amapatsidwa ndowa ya klorini ndi botolo la asidi popanda magolovesi, popanda magalasi, popanda womuuza kuti ziwirizi zikasakanizidwa zimatulutsa mpweya wakupha. Ngati mwam'onjezera nchito, m'phunzitseni, m'gulireni zodzitetezera, ndipo muonjezere ndi malipiro.

Pa za kamangidwe tingonena zocepa, pakuti si ife mainjiniya. Komabe taona ndi maso athu zimene zimacitika. Ku puloti ina kum'mawa kwa mzinda tinapeza dzenje lalikulu kuseri kwa nyumba yokongola, nsimbi zitacita dzimbiri, acule akuimba. Womanga analandira theka la ndalama, anakumba mita imodzi, anakumana ndi mwala, anapempha ndalama zina za makina oswera, ndipo atalandira foni yake inaleka kulira. Mwala mu Lusaka si ngozi yodzidzimutsa. Amai amene amaphwanya miyala m'mbali mwa miseu ndi umboni wa cimene cili pansi pathu. Womanga woona amayamba wakumba kadzenje koyesera, amalemba m'pangano kuti mwala ukapezeka mtengo udzakhala wotani, ndipo amalandira ndalama pang'onopang'ono monga mmene nchito iyendera. Funsani kuti akuonetseni dziwe limene anamanga zaka zitatu zapitazo, osati la mwezi watha. Konkire yoipa imabisa manyazi ake caka coyamba.

Bvuto lina ndi madzi a pansi. M'madera ambiri a mzinda uno, mvula ikagwa bwino, madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. Dziwe lopanda madzi lili ngati bwato lokwiriridwa m'nthaka. Mukalikhuthula mu Febuluwale kuti mulipente, madzi a pansi angalinyamule, kuling'amba kapena kulipendeketsa, makamaka la fibreglass lomwe ndi lopepuka. Pacifukwa ici pansi pa dziwe pamafunika vavu yolola madzi a pansi kulowa, ndi ngalande ya miyala kuzungulira. Ndipo pa mapuloti ang'onoang'ono monga a ku Chalala, pamene borehole, septic tank ndi soakaway zapanikizana kale ngati anthu m'minibasi, munthu ayenera kudzifunsa kuti madzi a klorini otsukira sefa adzapita kuti. Mu septic tank amapha tizilombo timene timagaya zonyansa. Mu mseu amaononga mseu wa onse. Kwa mnansi amabala mlandu. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015 linapatsa makhonsolo mphamvu yoyang'anira zomangamanga. Pitani nayo pulani yanu ku khonsolo musanaitane makina. Za malaiti a m'madzi ndi mawaya a pampu, itanani munthu wa mapepala, aike cozimitsa malaiti cokha pakakhala kutayikira. Madzi ndi malaiti sizipereka mpata waciwiri.

Tafika pa nkhani imene yatipangitsa kulemba zonsezi. Bungwe la WHO linati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi pa dziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anai alionse anali mwana wosafika zaka 5. N'cifukwa cake United Nations mu 2021 inaika tsiku la 25 Julai kukhala lokumbutsana za kupewa kumira. Ambiri a ife tiganiza kuti mwana akagwera m'madzi amakuwa ndi kuphiriphitha monga m'mafilimu. Sizitero. Mwana wamng'ono amamira mwakacetecete, mutu pansi, popanda phokoso limene lingaimitse nyimbo za pa braai. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zocepa cabe umayamba kuonongeka. Nthawi imene amai atenga kukayankha foni kapena kukatsegula geti ndi yokwanira.

Eni nyumba amati, "Yadi yanga ili ndi cipupa ca mamita awiri, palibe mwana wa kunja angalowe." Koma mwana amene ali pa ngozi si wa kunja. Ndi mdzukulu amene wabwera pa holide. Ndi mwana wa mlendo amene wabwera ku kitchen party. Ndi kamwana ka amai ogwira nchito m'nyumba, kamene abwera nako cifukwa ku Ng'ombe kapena ku Kalikiliki kulibe wokasiyira, ndipo akaika pa citenje pansi pa mtengo pamene akolopa m'cipinda ca bwana. Ndi mwana wa mlonda amene akhala m'kanyumba ka kumbuyo. Cipupa ca kunja cimachinga akuba. Sicichinga mwana amene ali kale m'kati.

Cofunika ndi mpanda wozungulira dziwe lenilenilo mbali zonse zinai, wolekanitsa dziwe ndi nyumba, wotalika mamita 1.2, wopanda popondera, wokhala ndi kageti kodzitseka kokha ndi loko ili pamwamba pamene dzanja la mwana silifika. Ku Australia mpanda wotere ndi lamulo, osati cifundo ca mwini nyumba. Maiwe ambiri amene ife taona kuno kwathu alibe mpanda, ndipo cifukwa cimene timamva n'cakuti mpanda umaononga maonekedwe. Mtengo wa mpanda ndi kacigawo kakang'ono ka mtengo wa dziwe. Amene wagula ng'ombe sadandaula mtengo wa cingwe. Matayala opopa ndi timapiko ta pulasitiki ta m'manja ndi zidole, si zopulumutsira moyo. Ukonde wa pamwamba umathandiza pokhapo ngati wabwezeretsedwa nthawi zonse, ndipo tidziwa mmene anthu amatopera ndi nchito imeneyo pakapita miyezi iwiri.

Tipempha Lusaka City Council, pamodzi ndi makhonsolo a Chongwe, Chilanga, Kafue ndi Chibombo kumene mzinda wafutukukira, kuti asadinde pulani ya dziwe lopanda mpanda, ndipo atumize munthu kukaona kuti mpandawo wamangidwadi madzi asanathiridwe. Malo ogona alendo ndi nyumba zobwereketsa ku maphwando, zimene zaculuka m'mayadi, ziyambe ndizo, ndipo pa phwando lililonse la ana pakhale munthu wamkulu mmodzi amene nchito yake ndi kuyang'ana madzi basi, wopanda foni m'manja, wopanda botolo. Pakhomo pali dziwe, akulu onse, kuphatikizapo anchito, aphunzire kutsitsimutsa munthu womira. A Zambia Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa thandizo loyamba, ndipo maphunziro ake satenga caka.

Koma tikanena za mpanda ku mayadi, tisaiwale kuti ana a ku komboni naonso ali ndi maiwe ao, ndipo ao ndi oopsa kwambiri. Maenje amene anatsala pokumba miyala, monga damu la Ngwenya ku Misisi, amadzala madzi, ndipo kukatentha ana amathamangira komweko. Kulibe mpanda, kulibe woyang'anira, pansi pake ndi miyala ndi zinyalala. Maliro a ana omira m'maenje amenewa sitinawamve kamodzi kapena kawiri. Ana athu afuna madzi, kaya akhala ku Kabulonga kaya ku Chawama. Cosiyana n'cakuti wina ali ndi matailosi, wina ali ndi matope.

Amene anakulira ku Copperbelt m'masiku a ZCCM adzakumbukira kuti matauni a migodi anali ndi makalabu ndi maiwe osambiramo, ndipo ana ambiri a anchito anaphunzirira kusambira kumeneko. Migodi itagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, malo ambiri otere anasowa owasamalira. Ku Lusaka tili ndi Olympic Youth Development Centre imene inatsegulidwa mu 2010 pafupi ndi Great North Road, koma malo amodzi kapena awiri sangakwanire mzinda wa anthu oposa mamiliyoni awiri. Dziwe limodzi la onse la mamita 25, lokhala ndi mphunzitsi ndi woyang'anira, lingaphunzitse ana mazana ambiri pa caka, pamene maiwe 10 a m'mayadi amathera miyezi ya Juni ndi Julai akudya klorini popanda phazi lolowamo.

Ndalama za CDF zinakwezedwa kwambiri kuyambira mu 2022. Sitinena kuti dziwe lipambane kalasi, kiliniki kapena pompi ya madzi akumwa, zimenezo ziyambe. Koma makomiti a m'mawadi amene ali pafupi ndi maenje a miyala aike pa ndandanda yao mpanda wochinga maenjewo, kapena kuwakwirira kumene, mvula ya caka cino isanawadzaze. Ndipo masukulu a private amene ali ndi maiwe atsegule mageti ao Loweruka m'mawa kwa ana a sukulu ya boma ya pafupi, ngakhale kalasi imodzi pa temu.